Vinyo wonunkhira batala, ndiwo zake ndi ziti?

Funso: Malume, ndimaperekera zakudya pa lesitilanti ina ku Stellenbosch, ku South Africa. Kasitomala wina wandipatsa botolo la Chardonnay lolembedwa kuti "wooded". Ndikufuna timwe ndi mayi a kunyumba pa Khirisimasi. Ndi vinyo wotani ameneyu, nanga tiphike chiyani?

Yankho: Mphwanga, wapatsidwa chinthu chabwino. Mawuwo akutanthauza kuti vinyoyu anagonekedwa miyezi ingapo m'migolo ya mtengo wa oak, nthawi zambiri ya malita 225 kapena 228. Mkati mwa mgolo amawaulamo ndi moto, n'chifukwa chake ukanunkhiza m'tambula umamva kafungo ka vanila ndi ka mtedza wokazinga. Mtundu wake ndi wachikasu chagolide, ndipo m'kamwa amalemera, amatelera ngati batala.

Usamuzizitse ngati Fanta! Ine ndinalakwitsapo, ndinangomva madzi ozizira basi. Mutulutse m'firiji mphindi 20 musanayambe kudya.

Ndiwo zake zikhale zonona. Nkhuku yowotcha, khungu lili khirichikhirichi, ndiye mnzake weniweni. Nsomba yokazinga mu batala nayonso imayenda. Kwanuko kingklip, kumudzi chambo. Koma chimene chinandidabwitsa ine ndi nkhwani wotendera. Nsinjiro zija zimagwirizana ndi kafungo ka mgolo moti unganene kuti anapangirana. Dzungu lowotcha chimodzimodzi.

Kambuzi yekha mubise tsiku limenelo. Tsabola amachititsa vinyoyu kuwawa ndi kutentha pakhosi. Msuzi wa tomato wambiri nawonso ayi, umamulanda kukoma. Mlamu wanga umuuze achepetse.