Wailesi ikumva bwino koma potumiza ikufooka: musathamangire kugula ma final

Funso: Amisiri, ndagula wailesi yolankhulirana ya kaunjika, Kenwood TS-430S, kwa munthu amene anabwera nayo kuchokera ku Joni. Kumva ikumva bwinobwino, a ku Ulaya ndikumawapeza madzulo pa bandi (chigawo cha mafulikwense) ya 20 mita. Koma ndikangodina PTT (batani lotumizira mawu) nyale zake zimazilala, singano imangosuntha pang'ono, ndipo mnzanga wa ku Chinamwali akuti mawu anga akumveka onjenjemera. Ena akuti ma final, mathiranzisita omaliza okweza mphamvu yotumizira, anapsa. Ndingawapeze kuti? Ndili ku Matawale.

Yankho: Ndalama zanuzo zibwezereni m'thumba, achimwene. Ma final akapsa sachita zamanyazi chonchi. Kapena amaphulitsa fyuzi pomwepo, kapena potumiza wailesi imangoti zii, osakoka magetsi ambiri n'komwe. Nyale kuzilala, mawu kunjenjemera, imeneyo ndi njala ya magetsi. Mawailesi ambiri amene amafika pa benchi panga atawapatsa kale dzina loti "final yapsa" amadwala matenda omwewa.

Wailesi ya mawati 100 ngati yanuyo imafuna mavoliti 13.8. Ikamangomvera imakoka ampu imodzi ndi kakanthu, n'chifukwa chake ngakhale kabatire ka njinga yamoto kamaiyatsa, mwini wake n'kumavina kuti wagula katundu wabwino. Ikamatumiza imakoka maampu pafupifupi 20. Apa m'pamene chinyengo chonse cha mawaya chimaonekera poyera.

Ndiye yezani, koma pamalo pake ndi pa nthawi yake. Ndatopa nawo anthu ondiuza kuti "ndayeza batire, lili pa 12.6." Mwayeza batire likupuma, ine zindithandiza chiyani? Mita yanu iikeni pa DC, nsonga zake zilowe kumbuyo kwa pulagi imene imalowa m'wailesimo. Kumalo a eriyo mangani dummy load (resistor yolowa m'malo mwa eriyo poyesa), wailesi pa CW (njira ya Morse), kwezani chopotokola cha CAR, dinani kiyi ya Morse, maso pa mita. Masekondi 5 akwana. Kuchoka pa 13.8 kufika pa 13.3 palibe mlandu. Ikatsika pansi pa 12, vuto mwalipeza kale. Ikafika m'ma 11, mbali za m'kati zimene zimagwira fulikwense kuti isasunthe zimayamba kuperewera mphamvu, fulikwenseyo n'kumagwedezeka motsata mawu anu. Kunjenjemera kumene akumva mnzanu ku Chinamwali n'kumeneko.

Musalekere pomwepo, muyenera kudziwa kumene mavolitiwo akuthera. Yezaninso pa mitu ya batire kapena ya power supply, kiyi mutaidina. Ngati nakonso kwatsika, wolakwa ndi batire kapena supply imeneyo. Ngati kumeneko kuli 13.8 koma kumbuyo kwa wailesi kuli 11.5, magetsi akubedwa m'njira. Tsono nsonga imodzi ya mita ikani pa mutu wofiira wa batire, inayo pa waya wofiira yemweyo kumapeto kwake, polowera m'wailesi. Dinani kiyi. Nambala imene yatulukayo ndi mavoliti amene waya yekhayo akudya. Chitaninso chimodzimodzi ku waya wakuda, amene anthu amamuiwala ngati kuti magetsi amapita osabwerera. Kenako uku ndi uku kwa fyuzi iliyonse, kenako paliponse pamene munalumikiza mawaya awiri. Zonse mukaziphatikiza zisapitirire theka la voliti.

Ndipo musandiuze kuti mwayeza ndi kabelu ka mita kaja, kalira kuti "piii". Kuliraku kumangonena kuti waya sanaduke, basi. Werengani nokha: 0.1 ohm yokha, pa maampu 20, imadya mavoliti 2. Mita za pamsikazi sizingaione 0.1 imeneyo, popeza timawaya take tomwe timakhala ndi yoposa pamenepo. Komanso mavoliti 2 kuchulukitsa ndi maampu 20 ndi mawati 40 a kutentha, onsewo ataunjikana pakamalo kamodzi. Choncho ngakhale mita mulibe, chala muli nacho. Tumizani masekondi 10, siyani kiyi, khudzani chosungira fyuzi, pulagi, ndi timano ta pa batire. Pamene patenthapo wakuba ali pomwepo.

Kawirikawiri amakhala chosungira fyuzi cha pulasitiki chija chokhala ndi kasipuling'i m'kati. Kuno m'munsi mwa phiri chinyezi sichichita masewera, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi. Mukatsegula mupeza mkuwa wabiriwira, sipuling'i yalefuka. Dulani, tayani, ikani fyuzi za m'galimoto za mano awiri zija, za maampu amene buku la wailesi lanena, zosungira zake muwotcherere ndi sodala. Za kukulunga fyuzi ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu, chonde, osati pa wailesi imeneyi.

Waya ndiye amandikwiyitsa zedi. Wofiira ndi wakuda wa masipika uja, wonenepa pulasitiki koma m'kati muli tiulusi towerengeka. Mupaleni ndi mpeni. Akayera mbee, ndi aluminiyamu wongomupaka mkuwa pamwamba, ndipo amadya magetsi kuposa mkuwa weniweni wa kukula komweko. Pezani waya wa mkuwa wa 4 mm², ngati mtunda watalikirapo 6 mm², ndipo asatalike kuposa mamita awiri popanda chifukwa. Ogwiritsa sola, wailesi musaimange pa timabowo ta LOAD ta controller. Tambiri timangopirira maampu 10, tina 20. Pitani ku batire mwachindunji, fyuzi ili pafupi ndi mutu wake. Batire limene galimoto inalikana kale, wailesi nayonso ilikana. Ma supply a makamera ndi a nyale za LED olembedwa 12V 10A aja si anu.

Chitani zimenezi kaye. Zikakanika mubwerenso ndi manambala, osati nkhani za anthu.

Funso: Ine yanga ndi Icom IC-735. Magetsi ndayeza monga mumanenera, potumiza ali pa 13.4. Pa 20 mita ikutulutsa mawati onse, koma pa 40 mita palibe chikutuluka. Ndine wa ku Sadzi.

Yankho: Mwachita bwino kuyeza, bambo. Bandi imodzi ikamagwira ndiye kuti ma final ali moyo, chifukwa mathiranzisita awiri omwewo ndi amene amatumikira kuyambira 1.8 mpaka 30 MHz. Okayikiridwa atsala awiri: eriyo yanu, ndi ma relay (timasiwichi todziyendera ndi magetsi) a mu sefa ya low-pass filter.

Chowasiyanitsa ndi dummy load. Wailesi ikaona SWR (muyeso wa mphamvu yobwerera kuchokera ku eriyo) yakwera imadzichepetsera mphamvu yokha pofuna kudziteteza, inu n'kumati yafa. Ngati mulibe, pangani: ma resistor 20 a 1k, a mawati 3 iliyonse, a metal oxide osati okulunga waya m'kati, onse mbali ndi mbali ndi miyendo yaifupi. Atulutsa 50 ohm ndipo apirira mawati 60. Mukawamiza m'kachitini ka oyilo apirira mawati 100 kwa kanthawi koyezera. Babu la galimoto si dummy load, musandifunsenso. Ubwino wina ndi woti poyesa simusokoneza anzanu pa bandi. Kutulutsa mawu pa eriyo kumafuna chiphaso cha MACRA ndi kolosaini (dzina loitanirana pa wailesi) yanuyanu yoyamba ndi 7Q.

Pa dummy load ikatulutsa bwino pa 7 MHz, kwerani padenga. Eriyo ya dipole ya 40 mita imakhala pafupifupi mamita 10 mbali iliyonse. Onani madzi amene analowa mu coax (chingwe cha eriyo), pulagi ya PL-259 imene waya wake wakunja sanawotcherereko, ndi chingwe cha TV cha 75 ohm chimene ukonde wake wa aluminiyamu sugwira sodala.

Ikakanabe pa dummy load, ndi relay. Bandi iliyonse ili ndi sefa yake, sefa iliyonse ili ndi relay polowera ndi potulukira. Wailesi ikakhala zaka m'kabati, timano ta relay timachita litsiro. Sinthani bandi kupita ndi kubwerera kambirimbiri, yesaninso. Gogodani relay pang'ono ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Mphamvu ikabwera n'kuthawanso, mwaigwira, isintheni. Ali pomwepo yang'anani capacitor yakuda kapena koyilo yowauka. Kiyi musamaigwire nthawi yaitali poyesa izi, popeza relay ikakhala yosatseka ma final akukankha mphamvu yopanda kolowera.

Funso: Ndinaitanitsa TS-440 kuchokera ku Japan, yooneka ngati yatsopano, koma siidutsa mawati 10 pa bandi iliyonse. Mnzanga akuti atsegule apotokole za m'kati. Ndimulole?

Yankho: Ayi. Werengani chilembo chomaliza pa dzina lake. Ngati ndi TS-440V, wailesi yanu siikudwala, inabadwa choncho. Ku Japan chiphaso cha oyamba kumene chimalola mawati 10 okha pa HF (mabandi ngati awa a 20 ndi 40 mita), ndiye makampani amapanga mitundu ya mawati 10 ya msika wakwawo. Ya mawati 100 ndi TS-440S. Mnzanuyo akapotokola ALC (choletsa mphamvu kupitirira malire) mpaka kumapeto adzangoipitsa mawu ndi kuotcha zimene zilimo. Amisiri a sikuludiraiva oterewa ndi amene amatidzazira ntchito.

Ngati chilembocho ndi S, ndiuzeni munayeza bwanji. Pa SSB (njira yotumizira mawu) popanda kulankhula sipatuluka kanthu, ndipo polankhula singano ya mita wamba imasewera chapansi ngakhale wailesi ili bwino. Yezerani pa CW. Kenanso, ngati inabwera ndi supply yake, onani kumbuyo musanailowetse pakhoma. Ku Japan magetsi ndi mavoliti 100, kuno ndi 230.

Funso: Amisiri, zonse mwanenazi ndachita. Magetsi ali bwino, dummy load ndili nayo, bandi zonse palibe mphamvu. Potumiza ikungokoka maampu awiri kapena atatu. Zinayamba itagwa mvula ya ziphaliwali, eriyo ndinaiwala kuchotsa. Apa si ma final?

Yankho: Apa tsono tingayambe kuwatchula, komabe ali kumapeto kwa mzere. Maampu osakwera akutanthauza kuti ma final sakugwira ntchito, koma sakunena kuti afa. Mwina palibe chimene chikuwafikira.

Tsegulani, pezani bodi ya PA, ya ma final, ili pa chitsulo cha zipsepse kumbuyoko. Ikani pa SSB, MIC pa ziro, dinani PTT, yezani pa base ya final iliyonse. Payenera kukhala mavoliti 0.6 kapena 0.7. Pakakhala ziro, bias (kamagetsi ka pa base kameneka) yafa, ndipo ndi kathiranzisita kapena ka regulator kotchipa. Bias ikakhalapo, tsatani RF (siginolo yotumizidwayo) kuchokera ku ka coax kolowera pa bodi, kudutsa pre-driver ndi ma driver (mathiranzisita oikweza isanafike ku ma final), muone pamene yathera. Tengani galasi lokuza, yang'anani sodala ya pa miyendo ya mathiranzisita ndi ma transformer. Bodi imeneyi yakhala ikutentha ndi kuzizira kwa zaka zoposa 30, sodala imang'aluka mozungulira mwendo. Kuwotchereranso kokha kwadzutsa mawailesi ambiri amene eni ake anali atawalira kale. Za chiphaliwali, nthawi zambiri chimayamba kuluma mbali yomvera, ma diode ndi relay ya eriyo, ndiye onani ngati ikumvabe monga kale.

Mukazula final, mita n'kuonetsa kuti base ndi emitter zaduka kapena zagwirana, chabwino, yafadi. Apa m'pamene anthu amatayira ndalama kawiri. 2SC2290 ndi 2SC2879 za Toshiba anasiya kupanga kalekale. Zimene mukuziona pa intaneti pamtengo wa chipisi, zolemba zake zowala bwino, zambiri ndi feki. Kunja thupi ndi lomwelo, m'kati kachipu n'kakang'ono. Mita imati zili bwino, zimayaka, mukangokweza mphamvu n'kuphulika, nthawi zina n'kutengana ndi ma driver. Ine ndimakhulupirira zozula m'wailesi ina yakufa ya mtundu womwewo kuposa zatsopano zosadziwika kwawo. Sinthani zonse ziwiri, zofanana gain, osati imodzi. Pakani mafuta oyera otulutsa kutentha pang'ono chabe, mangani masikuluu musanawotcherere miyendo, kenako ikani idle current (maampu amene ma final amakoka popanda siginolo) monga mwa service manual ya wailesi yanu, osati mongoganizira. Fani nayo muione ngati ikuzungulira, fumbi ndi zisa za mavu muchotse m'zipsepsemo.

Eriyo ija, mitambo ikangoda pamwamba pa phiri, zulani coax muitulutse kunja kwa chipinda. Kuzimitsa switch sikuteteza kanthu.

Funso: Wailesi yanga ya Kenwood inabwera yopanda maiki. Ndapeza ya Yaesu, pulagi yake ikulowa bwinobwino, mabowo 8. Koma ndikadina sikutumiza.

Yankho: Kulowa si kugwirizana, mayi. Kenwood, Yaesu ndi Icom onse amagwiritsa pulagi yozungulira ya mapini 8, koma aliyense anayala mawaya mwa njira yake. Pa Kenwood mawu ali pa pini 1, PTT pa pini 2, pamene pa Yaesu mawu ali pa pini 8. Izuleni msanga, chifukwa pa soketi imeneyo pali pini ya magetsi a mavoliti 8, ikagwetsedwa pansi muotcha china m'kati. Masulani pulagi, pezani chithunzi cha mapini m'mabuku a mawailesi onse awiri, musamutse mawaya anayi: mawu, PTT, ndi ma ground awo awiri. Mabatani a UP ndi DOWN asiyeni osalumikiza mpaka mawu atayamba kutuluka.