Musanatolere mabuku akale, kaonaneni kaye ndi a laibulale

Achemwali, funso lanu ndaliona. Mwati inu ndi anzanu angapo mukufuna kuthandiza laibulale ya boma imene ili kufupi ndi kwanu, ndipo nzeru imene mwagwirizana ndi yoyenda khomo ndi khomo kutolera mabuku akale n'kukatula kumeneko. Mwafunsanso ngati ongodzipereka amalandirako kangachepe. Ndiyambe ndi lachiwirili poti yankho lake ndi lalifupi: salandira. Alawansi kulibe, ya thiransipoti kulibe, ngakhale ya fanta imene. Anzanuwo auzeni lero lomwe. Amene atsale atamva zimenezo, ndiwo gulu lanu, ngakhale atatsala atatu.

Za mabukuzo, bayambani mwadekha. Ine chipumireni pa uphunzitsi ndimathandiza pa kalaibulale kena muno mu Blantyre, ndiye makatoni a mphatso ndawatsegulapo ambiri. Munthu amafika pa galimoto, wasangalala, akufuna ajambulidwe akupereka. Akachoka, mumang'amba selotepi ija, fungo la chinyezi n'kukulandirani. Pamwamba pali buku lophunzitsa kompyuta za kalekale zimene palibe akuzigwiritsanso ntchito. Pansi pake malipoti apachaka a kampani ina, nkhani zopeka za m'Chijeremani, buku la nyimbo losowa masamba oyambirira, ndi buku la sayansi la silabasi imene inasiyidwa makolo a ana a lerowa adakali pasukulu. Mukafika pansi penipeni mphemvu zimabalalika. Pa katoni yonse mwina mupezamo mabuku asanu oti mwana angatsegule. Mwini wakeyo sanalakwe dala ayi, anangofuna malo m'nyumba mwake, koma zinyalala zake zasamukira kwa ife.

Chimene ambiri sadziwa n'choti buku lililonse lolowa m'laibulale ndi ntchito. Wina alione ngati lili bwino, alidinde chidindo, alilembe m'kaundula, alipatse nambala, amate nambalayo pamsana pake, kenaka alipezere malo pa shelefu imene ndi yodzaza kale. Ogwira ntchito amakhala ochepa, ndiye mukawatulira makatoni khumi osasankha mwawasenzetsa katundu, simunawathandize. Muyeso wake ndi wosavuta: buku limenelo mungam'patse mwana wanu wa Fomu 4 kuti akonzekere mayeso, kapena wa Sitandade 2 kuti aphunzirire kuwerenga? Ngati mukukayika, lisiyeni kunyumba.

Choyamba kuchita ndi kupita kukaonana ndi amene amayang'anira laibulaleyo. Malaibulale a boma ali pansi pa bungwe la National Library Service, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1967 ndipo likulu lake lili ku Lilongwe. Kutanthauza kuti malowo ali ndi eni ake ndi malamulo ake. Simungangofika Loweruka ndi zitini za penti n'kuyamba kupaka. Lembani kalata yaifupi yonena kuti ndinu ndani, mulipo angati, ndipo mungapezeke masiku ati. Pitani awiri kapena atatu, osati chigulu. Mukafika musayambe n'kufotokoza mapulani anu. Afunseni kuti, "Bwana, chikukusowetsani mtendere kwambiri pano n'chiyani?" Yankho lidzakudabwitsani. Mwina adzati mipando, mwina denga likudontha pakona ina, mwina loko wa kuchimbudzi, mwinanso adzati ana amabwera ambiri masana koma palibe wowayang'anira. Kawirikawiri mabuku akale sakhala m'gulu la zimene amatchula.

Sikuti mabuku safunika. Amafunika, koma ake ake. A Chingerezi amabwerako ndithu kudzera ku mabungwe ngati Book Aid International ya ku UK, imene yakhala ikutumiza mabuku atsopano kuno kwa zaka zambiri. Amene amasowa ndi a Chichewa, makamaka a ana, komanso a silabasi imene ikuphunzitsidwa panopa. A National Library Service amasindikiza timabuku ta ana totchedwa Werengani, koma kabuku kamodzi kakadutsa m'manja mwa ana a dera lonse kamatha msanga. Ndiye ngati mwasonkha kandalama, funsani mndandanda wa zimene owerenga amafunsa n'kusowa, mupite ku CLAIM kapena ku sitolo ina ya mabuku m'tauni mukagule atsopano, ngakhale asanu okha. Nyuzipepala musaziiwale. The Nation ndi The Daily Times zimakoka anthu ambiri kuposa mmene mungaganizire: ofuna ntchito amabwera kudzaona malonda a ntchito, azibambo opuma amabwera kudzawerenga za ndale. Gulu limene lingalonjeze kulipira nyuzipepala imodzi tsiku lililonse kwa chaka chathunthu lachita chinthu chooneka.

Koma chimene laibulale imasowa koposa ndi manja obwera mosadumphadumpha. Nditenge ntchito imene palibe amaifuna chifukwa siioneka pa chithunzi: kubwezera mabuku m'malo mwake. Pamsana pa buku lililonse pali nambala, ndipo malaibulale ambiri amatsata ndondomeko ya Dewey. Za sayansi zimakhala pa 500, masamu pa 510, za umoyo pa 610, ulimi pa 630, zolembalemba pa 800, mbiri yakale ndi jogalafe pa 900. Tsono mwana akatenga buku la masamu n'kukalisiya pakati pa mabuku a ulimi, bukulo latayika, ngakhale lili m'nyumba momwemo. Ena amachita dala. Nyengo ya mayeso ikayandikira mnyamata amabisa buku la Biology kuseri kwa mabuku a mbiri ya ku Ulaya, kumene akudziwa kuti sikufika munthu, kuti mawa adzalipeze yekha. Munthu mmodzi woyenda shelefu ndi shelefu, chala pa manambala, maola awiri pa sabata, amabweza mabuku ambiri kuposa amene mungatolere m'makomo mwezi wonse. Ntchitoyi munthu amaiphunzira tsiku limodzi.

Ina ndi yosoka mabuku, ndipo apa azimayi amene mumadziwa singano muli ndi mwayi. Buku likayamba kuthothoka masamba, anthu amathamangira selotepi. Musatero. Selotepi ikakhalitsa imasanduka yachikasu, imauma n'kumatuka, ndipo imasiya banga losachoka papepala. Gwiritsani ntchito guluu woyera uja wa akalipentala, wopaka pang'ono ndi kaburashi. Ngati masamba achoka ambiri, alinganizeni bwino, boolani timabowo m'mbali mwa msana ndi msomali waung'ono, musoke ndi ulusi wolimba. Chikuto chatsopano mungadule pa katoni, ndipo pamsana mumate kansalu. Zidutswa za chitenje zimene matelala amataya zimagwira bwino ntchito imeneyi. Mukatha ikani pepala pamwamba, mutsindike ndi njerwa yokulunga m'nyuzipepala mpaka mawa. Ndinaonapo mayi wina wogulitsa mandasi atakhala pakhonde, buku la Chichewa la Sitandade 3 lili pamwendo, akukoka ulusi ndi mano uku akukalipira ana amene analing'amba, ana ake omwe akuseka. Bukulo likuwerengedwabe. Pamene ntchito yosoka siithandiza ndi pa masamba odulidwa ndi lezala, khalidwe limene limakula mayeso a MSCE akayandikira. Mankhwala ake ndi maso basi: munthu wamkulu wokhala m'chipinda chowerengera.

Adani ena a mabuku ndi chiswe ndi chinyezi. Blantyre mukumudziwa, chiperoni chikagwa mu Juni ndi Julaye zonse zimachita chinyontho, ndipo mabuku ogundana ndi khoma amayamba nkhungu. Mashelefu asagunde khoma, mabuku asakhale pansi, mawindo azitsegulidwa dzuwa likawala. Mukaona kamzere ka dothi kakukwera khoma kapena mwendo wa shelefu, chimenecho ndi chiswe, nenani tsiku lomwelo. Buku likanyowa musaliyanike padzuwa, limapindika. Liimikeni chotsegula pamthunzi podutsa mphepo. Denga ndi ngalande muzione mu Okutobala mvula isanayambe. Tonse tikukumbukira zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023 ku Chilobwe, ku Soche ndi madera ena. Madzi otsika m'mapiri athuwa sasankha nyumba. Za moto nazonso, laibulale ya pa Mzuzu University inapsa mu Disembala 2015, mabuku ochuluka n'kuthera pomwepo. Ngati pakati panu pali wodziwa zamagetsi, apemphe chilolezo aone mawaya.

Tsono ntchito imene ine ndimaikonda, ndipo ndikanakonda muyambire pamenepo ngati a laibulale avomera, ndi yowerengera ana Loweruka m'mawa. Chiyambireni maphunziro aulere a ku pulayimale mu 1994, makalasi athu ndi odzaza moti mphunzitsi sangathe kumva mwana aliyense akuwerenga payekha. Mwana amafika Sitandade 4 akungoyendetsa milomo pamodzi ndi anzake, koma mukamupatsa buku yekha amangoyang'ana zithunzi. Kunyumba nako buku lopezeka ndi Baibulo kapena Korani, lomwe saloledwa kuligwiragwira. Ola limodzi pa mphasa, munthu wamkulu akuwerenga mokweza m'Chichewa, akusintha mawu pofika pa kalulu ndi pa fisi, akufunsa kuti "mukuganiza kuti kenaka chichitike n'chiyani?", limasintha mwana. Mukatero muwagawe m'timagulu ta anayi, aliyense awerengeko mzere wake. Wophonya musamuseke, ndipo musabwere ndi choko kapena mayeso. Sukulu ali nayo kale masiku asanu. Itananiko agogo odziwa nthano. Akangoti "Padangokhala," ana n'kuyankha "Tili tonse," ngakhale uja amavuta amakhala phee. Nthanoyo ikatha, wina ailembe papepala ndi zilembo zikuluzikulu, ana ajambule zithunzi, musoke: kabuku ka Chichewa kapezeka popanda kugula.

Pa nkhani ya ana imeneyi pali malamulo amene sindinyengerera. Akuluakulu azikhala awiri nthawi zonse, chitseko chili chotsegula. Makolo adziwe kumene ana ali ndi nthawi yoweruka. Muzimaliza dzuwa likadali pamutu kuti oyenda pansi afike bwino. Ndipo zojambula ana a eni n'kuwaika pa Facebook popanda chilolezo cha makolo, zimenezo ayi.

Ndaona achimwene ena ayankha funso lanuli kuti masiku ano zonse zili pa foni, laibulale n'kutaya nthawi. Achimwene, bandulo imagulidwa ndi ndalama, foni imafuna moto, ndipo foni ya m'nyumba zambiri ndi imodzi, imene imapita ndi bambo kuntchito. Komanso mwana wa ku Ndirande kapena ku Mbayani amene akukhala m'nyumba ya zipinda ziwiri ndi abale ake asanu, wailesi ya oyandikana nawo ikulira, chimene amafuna si buku lokha. Amafuna tebulo, mpando ndi bata. Pitani miyezi yoyandikira mayeso mukaone mmene ana amalimbiranira malo okhala. Amenewa mungawathandize powapezera mapepala a mayeso akale a MANEB, ndi kupempha ophunzira a ku yunivesite ya MUBAS kapena ya KUHeS a m'dera lanu kuti azibwera kamodzi pa sabata kudzathandiza masamu ndi sayansi, mwaulere, pa nthawi imene sizisokoneza owerenga ena.

Ndalama ndi zimene zimapha magulu otere, ndiye chenjerani nazo kuyambira pa kwacha yoyamba. Kaya mukusonkha pa Airtel Money kaya pa Mpamba, nambala ikhale imodzi yodziwika, msungichuma asakhale yemweyo wapampando, ndipo lisiti lililonse lijambulidwe n'kuikidwa pa gulu lanu la WhatsApp tsiku lomwelo. Ndi bwino kugula chinthu chimene mwagwirizana n'kukachipereka ndi kalata, kusiyana ndi kusiya ndalama m'manja mwa wogwira ntchito. Mumamuika pa mayesero komanso pa milandu imene sanaipemphe. Kumakampani a ku Makata, ku Ginnery Corner kapena ku Chirimba, musakapemphe "thandizo" chabe. Nenani kuti tikufuna matabwa a mabenchi anayi, kapena zitini ziwiri za penti, ndipo kalatayo ikhale ndi chidindo cha a laibulale. Pempho looneka mutu wake limayankhidwa msanga. Khansala ndi mfumu ya m'dera adziwitseni mwaulemu, koma nsalu za chipani zisalowe m'laibulale. Mukalola za chipani chimodzi, makolo a chipani china amaletsa ana awo kubwera.

Ndikudziwa kuti ndatchula zambiri, ndipo pamsonkhano wanu woyamba aliyense adzafuna zonse nthawi imodzi, ena mpaka matisheti ndi mwambo wotsegulira. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Sankhani ntchito imodzi, kapena ziwiri ngati mulipo okwanira, mulembe kuti Loweruka lino ndi uje ndi uje, linalo ndi uje ndi uje, kwa miyezi itatu. Amene walephera kubwera apeze yekha womulowera. Ana akabwera kawiri n'kupeza palibe munthu, kachitatu sabweranso, ndipo a laibulale nawo amasiya kukukhulupirirani.

Pokaonana nawo koyamba pitani pakati pa sabata m'mawa, ana asanaweruke kusukulu, pamene woyang'anirayo angapeze mpata wokhala nanu pansi. Ngati mukudziwa kalipentala wa mtima wabwino, mutengeni. Malaibulale ambiri amakhala ndi kangodya kounjika mipando yothyoka miyendo, ndipo yambiri mwa iyo imangofuna misomali ndi guluu kuti mwana akhalepo sabata yomweyo.