Yankho kwa m'bale wa ku Joni amene anasiya kupita kutchalitchi

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina amene akugwira ntchito mushopu ku Johannesburg. Akuti amalowa ntchito tsiku lililonse, Lamulungu lomwe, chifukwa tsiku limenelo ndi lomwe amalipidwa mowonjezera. Nyumba yomwe anapitira ku Joni anamaliza, malata anakhoma, ndipo tsopano wagula puloti ina kuti amange nyumba za lendi. Mkazi ndi ana ali kumudzi. Mayi ake anamuuza pafoni kuti ndalama zamulanda Mulungu. Funso lake ndi ili: kodi kufuna kutukuka ndi tchimo?

Achimwene, si tchimo ayi. Ndayamba ndi pamenepa chifukwa alipo anthu amene amalankhula ngati umphawi ndiwo chiyero. Paulo analembera Atesalonika kuti wosafuna kugwira ntchito asadyenso, ndipo pa 1 Timoteyo 5:8 ananena kuti wosasamalira a pabanja pake wakana chikhulupiriro. Lidiya wa pa Machitidwe 16 anali wamalonda, ankagulitsa nsalu zodula, ndipo abale ankasonkhana m'nyumba mwake. Ndalama imene mumatumiza pa Mukuru kuti ana alipire fizi ndi yodalitsika. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabanja ambiri anapumira ndalama ngati yanuyo.

Koma mayi anu sanalankhule zopanda mutu, ndipo inunso mukudziwa, apo ayi simukanandilembera.

Chimene chandigwira mtima m'kalata yanu ndi puloti yachiwiriyo. Munachoka kumudzi ndi cholinga chimodzi, nyumba ya banja lanu. Nyumbayo yatha, koma ulendo sunathe. Za lendizo zikadzatha padzabwera minibasi, minibasi ikadzabwera mudzafuna chigayo. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Werengani Luka 12:16-21. Munthu wa m'fanizo lija sanabe, sanachite katangale, munda wake unangobereka bwino basi. Vuto linali loti pa mapulani ake onse ophwasula nkhokwe ndi kumanga zazikulu, munalibe Mulungu, munalibenso munthu wina aliyense. Ankangolankhula ndi mtima wake. Ndiye ndikufunseni: pogula puloti ija, munapemphera? Munakhala pansi ndi mayi a kunyumba, kapena munangowauza zitatha?

Njira ya ku Joni si yachilendo kwa ife. Agogo athu ankapita kumigodi kudzera ku Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito ya kumigodi, mpaka mu 1974 pamene ndege ya bungweli inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa maulendowo. Ena ankabwera ndi njinga, wailesi ndi sutikesi ya zovala. Ena sanabwerenso, anasanduka matchona. Sindikhulupirira kuti analipo amene ananyamuka ali ndi maganizo otchona. Ankangoti chaka chamawa, ndikangopeza kenakake, mpaka ana anakula osawadziwa nkhope. Munthu amatchonanso chimodzimodzi kwa Mulungu, pang'onopang'ono, akunena kuti adzabwerera zinthu zikadzakhala bwino.

Yesu ananena pa Mateyu 6:24 kuti sitingatumikire Mulungu ndi chuma pamodzi, ndipo pa ndime 33 anati tiyambe tafuna Ufumu wake ndi chilungamo chake. Chenjerani pamenepa. Mudzakumana ndi alaliki, kuno ngakhale komweko, amene ndime imeneyi anaisandutsa bizinesi: bzalani mbewu ya marandi akutiakuti, Mulungu akubwezerani kakhumi. Kumeneko n'kufunabe chuma chomwecho, kungoti tadzera pakhomo la tchalitchi. Zimene Yesu analonjeza pamalopo ndi chakudya, chakumwa ndi chovala. Ine pemphero limene ndimalikonda pa nkhani ya ndalama ndi la Aguri pa Miyambo 30:8-9, loti asapatsidwe umphawi kapena chuma, kuopa angakhute n'kumukana Yehova, kapena angasauke n'kuba.

Sindikukuuzani kuti musiye ntchito mawa. Ndikudziwa kuti mlendo kumeneko sakhala ndi mawu ambiri pamaso pa bwana, ndipo kupempha tsiku lopuma kumafuna kulimba mtima. Komabe pemphani, ngakhale Lamulungu kawiri pamwezi, ndipo ndalama yomwe idzachepeyo muilole ichepe. Amalawi amasonkhana m'madera ambiri a Johannesburg, a CCAP alipo, Akatolika alipo, a mipingo ya Pentekosite nawonso. Funsani anzanu a pabasi ya kumudzi, akulozerani. Ngati bwana akana, pezani abale awiri kapena atatu oti muzipemphera nawo madzulo mukaweruka.

Za pulotiyo, isiyeni kaye, siithawa. Imbirani mayi a kunyumba, mugwirizane kuti ndalama zikafika pakuti ndiye kuti zakwana, ndipo mutchule mwezi womwe mudzabwere. Mwezi umenewo muwauzenso mayi anu ndi abusa a kumudzi, kuti padzakhale okufunsani ukadzafika.