Makina oumitsira zovala akuzungulira koma sakutentha: yankho kwa mayi a ku Matawale

Mayi ena a ku Matawale andilembera imelo yokhala ndi mafunso awiri. Achimwene awo anawatumizira dryer kuchokera ku Johannesburg, yogwirapo kale ntchito, ya mtundu wokhala ndi paipi kumbuyo. Yawathandiza miyezi ingapo popanda vuto. Tsiku lina magetsi anathima zovala zili mkati, ndipo chiyakireni magetsiwo makina amazungulira bwinobwino koma zovala zimatuluka zozizira, zonyowa monga zinalowera. Mmisiri amene anamuitana anangomvetsera kulira kwa makinawo n'kunena kuti atha, agule ena. Mayiwa ali ndi khanda komanso ana awiri apasukulu, ndipo mvula ili mkati. Akufunsa ngati pali njira yopangira reset, ndiponso ngati kugula kuli kosapeweka, agule otani.

Mayi, zikomo polemba, ndipo musafulumire kutulutsa ndalama. Makina amene akuzungulira ndiye kuti mota ili moyo, lamba ali bwino, magetsi akufika. Chasowa ndi kutentha kokha, ndipo mbali imeneyi ndi imodzi mwa zosavuta kukonza pa makina onsewo.

Mkati mwa dryer yanu muli elementi yotenthetsa mpweya ndi fani yokankha mpweyawo kuti udutse m'zovala, unyamule chinyezi, udutse pa sefa n'kutulukira kupaipi. Pafupi ndi elementiyo anaikapo kachipangizo kotchedwa thermal cut-out, kamene kamadula moto kutentha kukapyola muyezo kuti makina asapse. Tsono magetsi akathima mwadzidzidzi, fani imaima nthawi yomweyo pamene elementi ikadali yotentha kwambiri. Kutenthako kumasowa kolowera, kumaunjikana pamalo amodzi, kachipangizo kaja n'kudula. Magetsi akabwera mota imadzuka, koma elementi imakhalabe yoduliridwa. Zimene mwafotokoza zikufanana kwambiri ndi zimenezi.

Reset ilipo ya mitundu iwiri. Yoyamba ndi ya makina okhala ndi timagetsi ndi manambala kutsogolo: zulani pulagi pakhoma, dikirani mphindi 10, bwezerani. Izi zimatsitsimutsa kakompyuta ka mkati ngati kasokonezeka ndi kuthimathima kwa magetsi. Yesani, koma sindikuyembekezera kuti vuto lanu lithera pamenepo. Yachiwiri ndiyo ikukhudza inu. Zulani pulagi, lolani makina azizire, muwakokere kutsogolo ndipo muyang'ane kumbuyo ndi tochi. Makina ena a paipi ali ndi kabatani kakang'ono, kawirikawiri kofiira, pachitsulo chotukuka chimene chimaphimba elementi. Kadinikizeni ndi chala. Mukamva kuti "tche", ndiye kuti kanadumphadi ndipo mwakabwezera. Yatsani makina opanda zovala kwa mphindi zochepa, tsegulani chitseko mulowetse dzanja mumve ngati mukufunda.

Mukapanda kukapeza kabataniko musadandaule, si makina onse ali nako. Ena ali ndi fyuzi ya kutentha imene ikapsa yapsa, imafunika kusintha. Ndi kanthu kakang'ono ka mawaya awiri, ndipo mtengo wake sungafanane n'komwe ndi wa makina atsopano. Apa m'pofunika mmisiri, koma mmisiri wobwera ndi mita yoyezera. Atsegule kumbuyo pulagi itazulidwa, ayeze cut-out, thermostat (kachipangizo kosunga kutentha pa mlingo woyenera) ndi elementi inu mukuona, akuuzeni chimene chaduka. Ngakhale itapezeka kuti ndi elementi yeniyeniyo yapsa, nayonso imasinthika. Chimodzi chokha ndikupempheni ndi mtima wonse: akakuuzani kuti "tingolumikiza dayirekiti kuti izigwira kaye", mukane. Kumeneko n'kuchotsa chinthu chimene chimaletsa makina kuyaka moto m'nyumba mmene mukugona khanda.

Koma kuthima kwa magetsi kamodzi sikudumphitsa cut-out pa makina onse. Kawirikawiri amene amadumpha msanga ndi amene anali kale akubanika, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa mukangodina batani osakonza njira ya mpweya, sabata yamawa mudzandilemberanso.

Solorani sefa imene ili pachitseko kapena m'munsi mwa khomo la dilamu. Mupeza kabulangete kotuwa ka tiulusi ta zovala, kamene kamayalulika ndi chala. Kameneka kazichotsedwa nthawi iliyonse mukaanula, makamaka inu amene mukuumitsa matewera ndi matawulo, chifukwa zimenezi zimathothoka kwambiri. Mukachotsa, kwezani sefayo poyera muyang'ane kuwala. Nthawi zina imaoneka yoyera koma timabowo take tatsekeka ndi zotsalira za sopo ndi mankhwala ofewetsera zovala. Mukathirapo madzi amadikha m'malo modutsa. Itsukeni ndi madzi ofunda ndi mswachi wakale, iume, mubwezere. Pisaninso dzanja m'phako mmene sefayo imakhala, mumatsalira zambiri.

Kenako paipi. Ambiri timakankhira makina kukhoma mpaka paipi kuphwanyika, kapena timangoisiya yopindikapindika pansi m'bafa. Ikhale yaifupi, yowongoka, yotulukira panja. Ichotseni muikutumule, mumapezeka tiulusi tonyowa togwirana, nthawi zina chisa cha makoswe kapena dothi la mavu kumapeto kwake. Makina akamagwira ntchito pitani panja muike dzanja pakamwa pa paipiyo. Mpweya uzikukankhani ndithu. Ukamangofika mwaulesi, penapake patsekeka. Ndipo ngati paipi imathera m'chipinda momwemo, makina amakokanso mpweya wonyowa umene angotulutsa, zovala zimachedwa kuuma ndipo khoma limachita nkhungu. Kuno ku Zomba, kumene chinyezi cha kuphiri sichisowa ngakhale mu June ndi July nthawi ya chiperoni, zimenezi sizichedwa kuoneka.

Simunanene mmene mumachapira, koma ndikuganiza kuti ndi pamanja monga timachitira ambiri. Makinawa anawapanga poganizira zovala zofinyidwa kale ndi makina ochapira, amene amazungulira ka 1,000 kapena kuposa pa mphindi. Manja, ngakhale amphamvu chotani, sangafike pamenepo, makamaka pa jinzi ndi bulangete. Chovala chodontha madzi chimatenga nthawi yaitali, chimadya mayunitsi, chimalemetsa lamba, ndipo madziwo akhoza kutsikira kumene kuli mawaya. Yanikani kaye pakhonde mpaka zileke kudontha, ndiye mulowetse. Dilamu isadzaze, zovala zizikhala ndi malo ogwa ndi kutembenuka.

Mavuto ena ndingowadutsa mwachidule, poti ena owerenga angakumane nawo. Makina osayaka n'komwe: onani fyuzi ya 13 amp ya m'pulagi, switchi ya pabokosi la magetsi, ndi kaswitchi ka pachitseko, poti chitseko chikapanda kutsekeka bwino sangadzuke. Ena amakhala kuti mwana wadina loko ya mabatani. Mota ikamalira koma dilamu osayenda, izunguzeni ndi dzanja. Ikamapepuka kwambiri ndiye kuti lamba waduka, koma mota ikamang'ung'uza n'kudzuka pokhapokha mwaikankha, kawirikawiri ndi capacitor, kachipangizo kothandiza mota kudzuka. Fungo la kupsa likamveka, zulani pulagi ndipo musayatsenso mpaka atsegulidwe.

Za magetsi athu. Dryer ya paipi imakoka mawati pafupifupi 2,000 mpaka 2,500, ndiye pa magetsi a 230 volts ili kale pafupi ndi malire a pulagi ya 13 amp. Ikhale ndi soketi yakeyake yapakhoma. Pa ekisitenshoni, pamodzi ndi ketulo kapena simbi, pulagi imasungunuka. Makina ochokera ku South Africa amabwera ndi pulagi ya mano obulungira. Musinthitse muike yathu ya mano atatu yokhala ndi fyuzi, osati kudalira adaputa yogwedera. Mukafuna kuika chotetezera magetsi, werengani ma amp olembedwapo, chifukwa tina togulitsidwira mafiriji n'tochepa mphamvu. Magetsi akathima makina ali mkati mogwira ntchito, zimitsani, tsegulani chitseko, tulutsani zovala muziyale kuti kutentha kutuluke. Mulu wa zovala zotentha wosiyidwa m'dilamu ndi woopsa, makamaka ngati muli nsalu zimene zinakhudza mafuta ophikira, parafini kapena petulo. Zoterozo zisalowe n'komwe m'makina ngakhale mutazichapa. Masikito onyikidwa m'mankhwala nawonso ayi, amenewo amayanikidwa pamthunzi. Ndipo musayatse dryer n'kupita kutchalitchi kapena kukagona.

Tsopano funso lachiwiri, ngati mmisiri woyeza bwino atapeza kuti zowonongeka zachuluka. Mitundu ilipo itatu. Wa paipi, ngati wanuwo, ndi wotsika mtengo ndipo mkati mwake mulibe zambiri. Wa condenser sufuna paipi. Umasandutsa chinyezi kukhala madzi m'kathanki kamene mumakhuthula, ndipo thankiyo ikadzaza makina amaima, zimene ena amayesa kuwonongeka. Umadya magetsi mofanana ndi wa paipi, kapena kuposerapo pang'ono. Wa heat pump umagwira ntchito ngati firiji yotembenuza, umaumitsa ndi kutentha kochepa, umachedwerapo, koma umadya pafupifupi theka la mayunitsi. Kuti muone kusiyana: makina a mawati 2,500 akatenthetsa ola lathunthu adya mayunitsi awiri ndi theka pa mita ya ESCOM.

Kwa inu, ine ndingasankhe wa paipi, wonyamula makilogalamu 7 kapena 8, wa mabatani ochepa. Chifukwa changa n'chakuti dryer kuno timaifuna kwambiri kuyambira December mpaka March ndi masiku a chiperoni. Miyezi inayo dzuwa limaumitsa ulere. Pa ntchito ya miyezi yochepa chotero, ndalama yoonjezera ya heat pump imachedwa kubwerera, ndipo bolodi yake ya kompyuta ikapsa ndi magetsi obwera mwamphamvu mudzayenda mtunda kufuna ina. Koma wina amene ali ndi malo ogona alendo ku Mulunguzi kapena kukwera kuphiri, wochapa mashiti ndi matawulo tsiku ndi tsiku, heat pump ingamupindulire. Condenser ndi ya amene akuchita lendi nyumba imene sangaboole khoma ndipo palibe windo lapafupi.

Musanalipire funsani za masipeya: lamba, elementi ndi thermostat za mtundu umenewo zimapezeka ku Limbe kapena ku Blantyre? Mitundu yofala kuno kummwera kwa Africa, monga Defy, amisiri ambiri anaitsegulapo. Pa makina akaunjika samalani ndi zinthu ziwiri. Opangidwira ku America amafuna magetsi a 60 Hz ndi waya wa ma amp 30, pamene athu ndi a 50 Hz, ndiye asiyeni ngakhale atchipe. Ochokera ku Britain, ngati ndi Hotpoint, Indesit kapena Creda a paipi kapena a condenser opangidwa pakati pa 2004 ndi 2015, dziwani kuti kampani ya Whirlpool inavomera kuti ambiri mwa amenewo anali ndi vuto loti tiulusi timatha kukhudza elementi n'kuyaka, ndipo mu 2019 inaitanitsa amene anali asanakonzedwe. Onani nambala ya makinawo pachitseko muifufuze pa intaneti. Ndipo kaya ndi m'sitolo kaya kwa munthu, awayatse inu mulipo, mumve kufunda ndi dzanja lanu.

Pamene mukudikira mmisiri, matewera ndi tizovala ta mwana yanikani pachingwe, osati pa udzu kapena pansi, ndipo muzisite mbali zonse ziwiri mpaka m'misoko. Nyengo ino ntchentche ya mphutsi imaikira mazira pa dothi ndi pa zovala zachinyezi, makamaka zimene zatsalira fungo la mkodzo, ndipo simbi yotentha ndiyo imawapha. Mukayang'ana kumbuyo kuja mundilembere dzina la makina ndi nambala yake, tione limodzi ngati ndi a kabatani kapena a fyuzi.