Sikelo yaima pambuyo pa opaleshoni ya chifu: yankho langa kwa achemwali amene andilembera

Imelo iyi ndinaiwerenga Lachiwiri usiku ndipo tulo sindinalione bwino. Achemwali ena andilembera kuti anachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu, ija ya sleeve, miyezi 8 yapitayo, makilo amatsika bwinobwino koma tsopano papita masabata 6 sikelo sikusuntha, ku jimu akupita pafupifupi tsiku lililonse, ndiye akufunsa kuti kodi chifu chatambasukanso, kodi ndalama zonse zija zapita pachabe?

Achemwali, mawu akuti pachabewo ndi amene andibaya, chifukwa inenso ndinawanenapo ndili m'bafa kuno ku Johannesburg, misozi ili mbwembwembwe, nditaponda sikelo kachitatu m'mawa umodzi.

Ine opaleshoni yanga inali mu 2021, ndili ndi makilo 128, BP yokwera, shuga naye atayamba kugogoda pakhomo. Sabata yachitatu sikelo inaima, koma iyo sindinadandaule nayo chifukwa adokotala anali atandichenjeza kale kuti zimachitikira anthu ambiri, thupi limakhala likukonza za madzi ndi kupoletsa bala. Imene inandisokoneza mutu ndi ya mwezi wa 9. Ndinaima pa 97 miyezi iwiri yathunthu, ndipo kuti mumvetse chifukwa chake ndiyenera ndikuuzeni za ulendo wa kumudzi.

Disembala ameneyo ndinapita ku Zomba. Za opaleshoni sindinauze munthu aliyense, ndinkaopa kunenedwa kuti ndawononga ndalama pa zinthu zachizungu pomwe abale akuvutika ndi fizi. Amayi atandiona ndikutsika minibasi sanandikumbatire msanga ayi, anangogwira kukamwa nkunena kuti "mwana wanga ukudwala chani, bwanji osanena?" Ku tchalitchi Lamulungu lake azimayi amandipatsa moni wa chisoni uja, wogwira dzanja nthawi yaitali. Tisanamizane, kwathu munthu ukawonda mwadzidzidzi anthu amaganiza za kachirombo basi, ndipo wonenepa ndi amene amati akudya bwino, banja likumuyanja. Ndiye amayi anayamba ntchito yondibwezeretsa thupi. Nsima ndimatha mbamu zitatu zokha ndakhuta, iwo ataona zimenezo anasintha njira, m'mawa phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi shuga, masana thobwa, madzulo tiyi wamkaka wotsekemera bwino. Ndipo zonsezi zimalowa popanda vuto lililonse! Ine ndinkasangalala kuti ndikuwasangalatsa, osadziwa kuti ndapeza khomo la kuseri lolowetsera chakudya.

Nditabwerera ku Joni chizolowezicho ndinabwera nacho, tiyi wa masupuni atatu a shuga kanayi patsiku, mahewu a m'shopu, tima bisiketi toviika. Pakamwa ndinkati sindikudya kanthu, ndipo mbali ina ndimanena zoona chifukwa mbale yanga inali yaing'ono ngati ya mwana. Amene anandigwira ndi mayi woona za kadyedwe ku chipatala kuja, anandiuza kuti kwa sabata imodzi ndilembe chilichonse cholowa mkamwa ngakhale chakumwa. Nditaliwerenga pepala lija ndekha manyazi anandigwira, kenako mtima unakhala pansi, chifukwa vuto linali looneka ndi maso.

Mudziwe kuti pa sleeve amachotsa pafupifupi magawo 80 pa 100 a chifu, chotsalacho chimakhala ngati nthochi. Chakudya cholimba monga nyama, dzira, nsomba, chimakhala m'menemo nthawi ndithu ndipo mumamva kukhuta. Koma zamadzimadzi ndi zofewa zimangodutsa ngati madzi mu paipi, mutha kumwa tsiku lonse osamva kalikonse. Kachitini kamodzi ka Coca-Cola ka 330 ml kali ndi shuga pafupifupi magalamu 35, opaleshoni ilibe nako mphamvu kameneko. Zoti chifu chatambasuka, inde chimafutukuka pang'ono miyezi ikamapita ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira, koma sichibwerera kukula kwake kwakale. Komanso mbali imene anachotsayo ndi imene imatulutsa kwambiri homoni ya njala yotchedwa ghrelin, nchifukwa chake poyamba simumva njala, koma pakapita nthawi chilakolako chimabwerako ndithu. Onjezerani kuti thupi laling'ono limagwiritsa ntchito mphamvu zochepa kuposa lalikulu, ndipo likaona kuti likutaya makilo msanga limayamba kusunga ngati mmene banja limachitira ndi nkhokwe mu Januwale. Makilo amathamanga miyezi 6 yoyamba, kenako amayenda pang'onopang'ono mpaka chaka kapena chaka ndi theka. Inu muli pa mwezi wa 8, ulendo ukadalipo.

Za jimu tsiku lililonsezo ndinene mosabisa, sindikugwirizana nazo ngati mukupitira kukadzilanga. Ine ndinachitapo, ola lathunthu pa makina othamangira m'mimba muli pululu, kutuluka apo chizungulire, njala ya dzaoneni, kenako kugula juwisi pa geti. Munthu amene akutsika makilo msanga amataya ndi minofu yomwe, ndipo minofu ndi imene imathandiza kuwotcha chakudya ngakhale mutakhala pansi. Zinthu zinayamba kusintha kwa ine nditachepetsa kuthamanga nkuyamba kunyamula zitsulo kawiri pa sabata, masiku enawo kungoyenda wapansi mwachangu. A bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO amanena mphindi zosachepera 150 zolimbitsa thupi pa sabata ndi masiku awiri olimbitsa minofu, si zoti mufe nazo ayi.

Ndipo pomwe ndili pano ndinene za matiyi ochepetsa thupi amene akugulitsidwa pa Facebook ndi m'magulupu a WhatsApp, chonde chonde musayerekeze. Ambiri ntchito yake ndi kutsegula m'mimba, mumataya madzi osati mafuta, ndipo munthu wa chifu chochepa amene kumwa madzi okwanira kumamuvuta kale akhoza kugonekedwa nazo m'chipatala. Zimandikwiyitsa kwambiri kuti anthu amadyera pa kukhumudwa kwa anzawo. Chimodzimodzi khalidwe lathu lija lopatsana moni ndi thupi, "mwanenepatu", "mwawondatu", ine ndinalisiya ndipo ana anga ndimawaletsa, chifukwa ndi limene linandimwetsa thobwa mwezi wathunthu ndisakufuna.

Ndiye mutani sabata ino?

Lembani chilichonse cholowa mkamwa masiku 7, osabisa tiyi. Pa mbale yambani ndiwo za mapuloteni, mazira, usipa, nkhuku, nyemba, soya, nsima kapena mpunga zibwere pomaliza ngati malo atsala; ambiri amauzidwa magalamu 60 mpaka 80 a mapuloteni patsiku, ndipo dzira limodzi lili ndi pafupifupi 6 okha. Osamwera chakudya, dikirani mphindi 30, koma tsiku lonse madzi afike lita imodzi ndi theka. Mavitamini musasiye, makamaka B12, ayironi, kashiamu ndi vitamini D. Sikelo kamodzi pa sabata, ndipo yesani chiuno ndi tepi ya telala. Kenako pepalalo mupite nalo kwa amene anakuchitani opaleshoni akakuyezeninso magazi, ndipo ngati mukusanza pafupipafupi, chakudya chikukanirira, kapena chilungulira chakula, musadikire tsiku la apointimenti.

Sindikudziwani achemwali, mwina inu vuto si tiyi, koma ndikufunseni chinthu chimodzi chomwe simunalembe mu imelo yanu, kodi a kunyumba akudziwa? Ine amayi ndinadzawauza pa foni mwezi wa Malichi, sikelo itayambanso kutsika. Anakhala chete nthawi yaitali mpaka ndinaganiza kuti netiweki yaduka, kenako anangofunsa kuti "nanga mazira amalola?" Ulendo wotsatira ndinapeza atasunga nkhuku zinayi zoikira kuseri kwa khitchini, ndipo thobwa anaphikira alendo okha.