Mukamva kuti "asayansi atulukira mankhwala", funsani kaye kuti anayerekeza ndi ndani

Achemwali, funso lanu ndi lakuti pafupifupi sabata iliyonse pamatuluka nkhani yoti asayansi apeza mankhwala a khansa, kapena atulukira chimene chimayambitsa matenda akutiakuti, ndiye munthu yemwe sanaphunzire sayansi angasiyanitse bwanji kafukufuku wodalirika ndi phokoso chabe. Ndaona ena ayankha kale kuti muziona ngati zatuluka m'magazini yotchuka ya sayansi. Sindikuwatsutsa, koma yankho limenelo ndi loperewera. Mundipirire, ndilemba zambiri.

Ndiyambe ndi manyazi anga. Ndinagwirapo ntchito mu labu ina momwe tinkasunga maselo a khansa m'timbale tapulasitiki ta timaenje 96. Tsiku lina ndinathira mankhwala omwe tinkawayesa m'timaenje ta m'mphepete, ndipo ta pakati ndinatisiya topanda mankhwala kuti tidzayerekezere. Patatha masiku atatu ndinasuzumira pa maikulosikopu. Maselo a m'mphepete anali atakwinyika, ambiri atafa, pomwe apakati ankachulukana bwinobwino. Mtima unagunda. Ndinathamangira kwa abwana kambale kali m'manja. Iwo anangokayang'ana kamodzi n'kufunsa kuti, "Mankhwala munawaika mbali iti?" Anandiuza kuti ndibwereze koma ndisinthanitse malo. Zotsatira zinatembenuka: tsopano ovutika anali maselo opanda mankhwala aja. Timaenje ta m'mphepete timauma msanga mu incubator, kabati yotentha momwe timasungiramo maselo, madzi akachepa mchere umachuluka, maselo n'kuyamba kufa. Sindinaname, sindinapeke nambala iliyonse, zithunzi zinali zenizeni. Chinalakwika chinali kayerekezedwe kokha. Kuyambira tsiku limenelo, ndikawerenga nkhani ya kafukufuku, sindiyamba ndi zimene apeza. Ndimayamba ndi kufufuza gulu loyerekezera.

Koma tisanafike pamenepo, onani kaye kuti ayesa pa chiyani. Mutu wa nkhani kawirikawiri umabisa zimenezi, ndipo mawu oti "m'maselo a mu labu" kapena "pa mbewa" mumakawapeza ndime yachisanu. Kupha maselo a khansa m'kambale si nkhani, ngakhale madzi otentha amawapha. Vuto ndi kuwapha ali m'thupi la munthu, chiwindi ndi impso zake n'kutsala zamoyo. Mbewa ndi sitepe yabwinopo, koma si munthu. Ndipo ngakhale mwa mankhwala 10 omwe adutsa zonsezi n'kufika poyesedwa pa anthu, pafupifupi 9 amagwera panjira osavomerezedwa. Mu 2012, Glenn Begley ndi Lee Ellis analemba m'magazini ya Nature kuti asayansi a kampani yopanga mankhwala ya Amgen atayesa kubwereza kafukufuku 53 wotchuka wa khansa wa mu labu, zotsatira zinatsimikizika pa 6 yekha. Apa mukuona chifukwa chake dzina la magazini silindikwanira, popeza wambiri mwa kafukufuku ameneyu anatuluka m'magazini apamwamba.

Tsopano nkhani ya kuyerekeza, ndipo pano ndichedwapo chifukwa ndiye phata lake. Mukukumbukira hydroxychloroquine, mankhwala a malungo aja omwe ankati akuchiza COVID-19? Chinayatsa moto ndi pepala la gulu la Didier Raoult ku Marseille, mu Malichi 2020. Odwala 26 anayamba kumwa mankhwalawo, ndipo 16 anali oyerekezera. Sanawagawe mwa maere. Choopsa kwambiri n'chakuti mwa 26 aja, 6 anachotsedwa powerengera zotsatira: atatu anapita kuchipinda cha odwala kwambiri, mmodzi anamwalira, mmodzi anatuluka m'chipatala, wina anasiya chifukwa cha nseru. Tangoganizani, mukachotsa omwe mankhwala sanawathandize, otsalawo adzaoneka bwanji? Komanso sanawerenge kuti ndi angati apulumuka, anangoona ngati kachilombo kakupezekabe m'mphuno tsiku la 6. Dziko lonse linathamangira mankhwalawo, mpaka odwala matenda a lupus omwe amawadalira anayamba kuwasowa.

Kenako kunabwera kafukufuku wa RECOVERY, wotsogozedwa ndi yunivesite ya Oxford. Iwo kompyuta ndi imene inkachita maere kuti wodwala uyu alandira, uyu ayi. Odwala 1,561 analandira hydroxychloroquine, 3,155 analandira chisamaliro cha nthawi zonse. Pakutha kwa masiku 28, omwalira anali 27 pa 100 aliwonse mwa olandira, ndi 25 pa 100 mwa osalandira. Phindu panalibe. Kafukufuku yemweyo, mu Juni 2020, anasonyeza kuti dexamethasone, mankhwala akalekale otsika mtengo omwe panalibe amene ankawaimbira ng'oma, ankachepetsa imfa pakati pa odwala opumira makina kuchoka pa 41 kufika pa 29 pa 100 aliwonse. Pepala la ku Marseille lija linadzachotsedwa m'magazini mu Disembala 2024, patatha zaka zoposa zinayi.

N'chifukwa chiyani maere ali ofunika chonchi? Dokotala akamasankha yekha, ngakhale ali ndi mtima wabwino, dzanja lake limapendekera. Akhoza kupatsa mankhwala atsopano odwala omwe akuoneka olimbako, kapena omwe amabwera kuchipatala mokhulupirika. Maere sadziwa wolemera, wachinyamata kapena wosuta fodya, amangomwaza onse mbali ziwiri. Ndiye magulu akasiyana pamapeto, mumakhala ndi chifukwa choloza mankhwalawo. Pomwe palibe maere, muzisamala ndi mawu oti "n'zogwirizana ndi". Asayansi anaona kwa nthawi yaitali kuti anthu okhala ndi beta-carotene (michere yopezeka mu karoti ndi masamba) wambiri m'magazi sadwala khansa ya m'mapapo kawirikawiri. Atayesa mwa maere ku Finland pa amuna osuta fodya oposa 29,000, zotsatira za mu 1994 zinasonyeza kuti khansayo inachuluka ndi 18 peresenti mwa omwe ankamwa mapiritsi a beta-carotene. Zinthu ziwiri kuyendera limodzi sizitanthauza kuti chimodzi chikukoka chinzake.

Pali funso lina lomwe anthu amalisakaniza ndi loyambali. Kafukufuku akhoza kukhala woona, wochitika mwaukadaulo, koma phindu lake n'kukhala laling'ono. Asayansi akalemba kuti zotsatira ndi significant, nthawi zambiri amangotanthauza kuti n'zokayikitsa kuti kusiyanako kwachitika mwangozi. Satanthauza kuti n'kwakukulu. Chitsanzo chomwe chimandisowetsa mtendere ndi lecanemab, mankhwala a matenda a Alzheimer, omwe amawononga ubongo n'kuchititsa munthu kuiwala. Anayesedwa bwino, mwa maere, pa anthu 1,795 kwa miyezi 18. Nyuzipepala zinalemba kuti amachedwetsa matendawa ndi 27 peresenti, ndipo sizinaname. Koma pa muyezo wa kukula kwa matendawa, womwe umayambira 0 kufika 18, olandira mankhwala anaipiraipira ndi 1.21, osalandira ndi 1.66. Kusiyana kwake ndi 0.45. Onse anapitiriza kudwala, ndipo pafupifupi 13 pa 100 aliwonse olandira mankhwalawo anatupa mu ubongo. Bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linawavomereza mu 2023, pomwe la NICE, lolangiza zipatala za boma ku England, linati phindu lake silikufanana ndi mtengo wake. Akatswiri akutsutsanabe ngati banja losamalira wodwala lingaone kusiyana kwa 0.45 ndi maso. Ine ndimaona kuti ndi sitepe yeniyeni pa sayansi, chifukwa yasonyeza kuti matendawa akhoza kukhudzidwa, koma kuwatcha mankhwala ochiza n'kunamiza anthu omwe ali kale pachisoni. Choncho mukaona peresenti, funsani kuti peresenti ya chiyani, ndipo fufuzani manambala enieni a magulu onse awiri.

Musaganize kuti ndikukuphunzitsani kukayikira chilichonse. Munthu wokana zonse ndi waulesi chimodzimodzi ndi wovomera zonse. Nkhani zina zimakhala zazikuludi, ndipo mafunso omwewa ndi amene amaziulula. Tengani lenacapavir, jakisoni woteteza ku HIV wobayidwa kawiri pachaka. Anayesa pa ndani? Pa atsikana ndi amayi achitsikana oposa 5,000 ku South Africa ndi Uganda. Anagawa mwa maere? Inde. Anayerekeza ndi chiyani? Ndi mapiritsi akumwa tsiku lililonse omwe analipo kale. Anawerenga chiyani? Anthu enieni otenga kachilombo. Zotsatira za mu 2024: mwa 2,134 omwe anabayidwa jakisoni, palibe ndi mmodzi yemwe amene anatenga HIV, pomwe mwa 1,068 omwe anali pa mapiritsi a Truvada, 16 anatenga. Ndalama za kafukufukuyu zinachokera ku Gilead, kampani yomwe imapanga mankhwalawo, ndipo zimenezo n'zoyenera kuzidziwa. Koma kafukufuku wachiwiri, wa anthu ena m'mayiko ena, anapeza awiri okha otenga kachilombo mwa oposa 2,000 omwe anabayidwa. Apa palibe chifukwa chokongoletsa ndi maperesenti, manambala akudzilankhulira okha.

Za kuunikidwa kwa pepala ndi akatswiri anzawo lisanatuluke m'magazini ndingonena mwachidule. Owunika amakhala anthu awiri kapena atatu omwe amawerenga pepala, nthawi zambiri osalipidwa, ndipo sabwereza ntchitoyo mu labu. Amagwira zolakwika zoonekeratu, koma wachinyengo akhoza kuwadutsa. Pepala la Andrew Wakefield lokhudza katemera wa MMR (woteteza ku chikuku ndi matenda ena awiri) linali la ana 12 okha, linatuluka m'magazini yotchuka ya The Lancet mu 1998, ndipo linachotsedwa mu 2010. Mukaona mawu oti preprint, ndiye kuti ngakhale kuunika kumeneku sikunachitike, choncho muziwerenga ngati nkhani yongomva. Chimene ndimachidalira kuposa zonsezi ndi gulu lina, losadziwana ndi loyamba, kubwereza n'kupeza zomwezo. Zimenezi zimatenga zaka, n'chifukwa chake mawu oti "kafukufuku watsopano" sandisangalatsa ngati mmene amasangalatsira olemba mitu ya nkhani.

Nkhani imene yakuchititsani kufunsayi simunaiike pano. Ipezeni, mudutse mutu wake, mufufuze dzina la magazini ndi la wofufuza wamkulu, kenako mulembe mainawo pa PubMed, tsamba la pa intaneti lofufuzirapo mapepala a kafukufuku wa zaumoyo. Chidule cha pepalalo chimapezeka mwaulere, ndipo chimangokhala ndime imodzi kapena zingapo. Pamenepo yang'anani ngati akunena za maselo, mbewa kapena anthu, anthuwo ndi angati, komanso ngati pali mawu oti randomized, kutanthauza kuti anagawa mwa maere. Mukakanika pa Chingelezi chake, ikani chidulecho pansipa, ndidzachiwerenga madzulo ndikaweruka.