Mpando Wotsika Si Manda

Achimwene ena andilembera imelo. Anali manejala, kampani inatsekedwa, ndipo tsopano apeza ntchito yoyang'anira sitolo yaing'ono basi. Akufunsa kuti: "Kodi ndivomere? Anthu anena chiyani?"

Mawu oti "anthu anena chiyani" amandipsetsa mtima. Bambo anga aang'ono anali mphunzitsi wamkulu. Atawachotsa paudindo n'kuwauza kuti abwerere m'kalasi, anakana. Ankakhala pakhonde n'kumawerenga nyuzipepala zakale atavala tayi, amayi aang'ono akugulitsa zitumbuwa kuti ana adye. Anthu aja ankawaopawo sanabweretseko ngakhale ufa wa phala.

Ndiye ndikuuzeni za a Jerry Brown a ku California, m'dziko la America. Anakhala bwanamkubwa mu 1975 ali ndi zaka 36, kulowa m'malo mwa a Ronald Reagan. Nyumba yatsopano ya bwanamkubwa anaikana, n'kumachita lendi kanyumba ku Sacramento. Mu 1982 anapikisana pa mpando wa Senate, nyumba ya malamulo ya America, a Pete Wilson anawagwetsa. Upulezidenti anauyesa katatu, mu 1976, 1980 ndi 1992, osaphula kanthu. Pakati apo anakakhalako ku Japan kuphunzira Chibuda, kenako ku Calcutta kuthandiza Mother Teresa kusamalira odwala.

Mu 1999 munthu amene analamulirapo California yense anakhala meya wa mzinda wa Oakland. Meya! Madandaulo a umbanda, misewu yokumbika, nyumba zosowa. Anakhala zaka 8, kenako anakhala loya wamkulu wa boma la California, ndipo mu 2010 anagonjetsa a Meg Whitman, amene anamwaza ndalama zawozawo zoposa madola 140 miliyoni pa kampeni. Anabwerera pa ubwanamkubwa ali ndi zaka 72, n'kutsika mu 2019.

Musandiuze kuti anali ndi mwayi, ndikudziwa. Bambo awo, a Pat Brown, analinso bwanamkubwa, ndipo dzina lotere limatsegula zitseko. Koma dzinalo ndi lomwe likanawachititsa manyazi kwambiri kupempha mavoti a umeya. Ine ndimati amene amakana ntchito yaing'ono si kuti amadzilemekeza, amangoopa apongozi.

Tsono yankho lanu

Vomerani. Musanasaine funsani za malipiro, maola ndi tchuthi, zilembedwe papepala. Makalata ofunsira ntchito ina musasiye kutumiza, ndipo mukamalemba za sitoloyo mutchule katundu ndi ndalama zimene mukuyang'anira.